Dayisi ikagwa yagwa, buku lisatilamulire

Zomwe zachitika Loweruka lapitali pa tebulo lathu kuno ku Dedza boma zikundiwawabe mpaka pano, ndipo ndilankhula ndithu olo ena akwiye. Timasewera RPG (gemu ya pa tebulo yomwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani, madayisi nkumagamula zochitika) ya Star Wars, yakale ija ya kampani ya West End Games ya 1987 yomwe imangofuna madayisi wamba omwewa a ludo, pepala ndi pensulo basi. Achimwene amene akutitsogolera ngati GM (woyendetsa nkhani ndi malamulo a gemu) anatenga nkhani m'buku la Timothy Zahn la Heir to the Empire, ndipo palibe anadandaula, bukulo ndi labwino kwabasi. Anatiika pa dziko la Myrkr, ife tili ozembetsa katundu, asilikali a ufumu wankhanza wa Empire akupakira mu chombo tinyama totchedwa ysalamiri, tija timatchinga mphamvu yosaoneka yotchedwa Force moti Jedi, wankhondo woigwiritsa ntchito, akakhala pafupi nato mphamvu zake sizigwira. Mtsikana wina wa gulu lathu, amene amakwera minibasi kuchokera ku Linthipe ndi ndalama yake kuzizira konseku, anaganiza zokwawa usiku kukaononga injini ya chombocho. GM anatchula yekha nambala yoti apyole, iye anaponya madayisi, anapyola ndi zambiri, tonse tinakuwa. Kenako achimwene aja akuti ayi sizingatheke, chifukwa m'bukumo Thrawn, mkulu wa asilikali a Empire, amachoka nato tinyamato. Chombo chinanyamuka ngati palibe chachitika.

Mxii. Nde munamuponyetseranji madayisi?

Funso langa ndi limeneli achimwene, munamuponyetseranji ngati munali mutadziwa kale kuti olo atapeza ma sikisi okhaokha yankho ndi ayi? Munthu waganiza, wayika moyo wa munthu wake wa m'gemu pachiswe, madayisi amuvomera, inu mukumukana chifukwa cha tsamba lomwe wina analemba ku America mu 1991. Kumeneko si kusewera. Kumeneko ndi kutiwerengera buku ife titagwira madayisi m'manja, ndipo buku aliyense atha kuwerenga yekha kunyumba atafunda bulangete, osawononga ndalama ya minibasi.

Mundimve bwino, sindikudana ndi kutenga nkhani m'mabuku amenewa. Mabuku olembedwa motsatira mafilimu ndi magemu ndi chuma kwa GM, filimu ya maola awiri imangothamanga ndi anthu atatu otchuka koma buku limakuuza kuti ozembetsa katundu amagwirizana bwanji, ndani ali ndi ngongole kwa ndani, asilikali wamba amaopa chani, dziko lakutilakuti lili ndi nkhalango yotani. Zimenezo tengani zonse, kokolani. Tengani malo, tengani anthu, tengani vuto. Koma mathero asiyeni m'bukumo, mathero ndi a ife takhala pa tebulofe. Buku likuuzeni kuti mdani akufuna chani, lisakuuzeni kuti achipeza.

Ndipo chondipweteka kwambiri nchakuti chinthu chokoma m'buku lija munachisiya nkutola chosafunika. Chokoma ndi Thrawn mwiniwakeyo. Munthu wosapsa mtima, wosakuwa, amakhala phee kuyang'ana zojambula ndi zosemasema za mtundu wa anthu mpaka adziwe mmene amaganizira pa nkhondo, kenako nkuwagonjetsa ndi maganizo awo omwe. Mdani wotero mukanamupatsa injini yoonongeka bwenzi nkhani itakoma kuposa ya Zahn. M'mawa mwake akanayitanitsa waya wodulidwayo, kuwona mmene waduliridwa, kudziwa kuti si ntchito ya msilikali koma ya makanika wozolowera zombo zakutha, ndipo sabata yotsatira bwenzi mlongo wathuyu akusakidwa doko lililonse lomwe tatera. Talon Karrde, mkulu wa ozembetsa katundu amene m'bukumo amakhala pa Myrkr pomwepo ndipo safuna kulowa mbali iliyonse, bwenzi ali m'madzi chifukwa cha ife, kaya atigulitsa kaya atibisa. Masewero a miyezi ingapo amenewo, ochokera m'buku lomwelo, ndipo mtsikana uja akanapita kwawo akudziwa kuti dzanja lake lasuntha chinachake. Inu munataya zonsezo kuti chombo chinyamuke pa nthawi yake.

Kaya ndi ulesi wosafuna kuganiza zatsopano, kaya ndi mantha oti nkhani ikuthawani, izo nzanu.

Komanso mbiri ya bukulo mukuidziwa? Zahn polemba anapatsidwa mabuku a gemu yomweyi ya West End Games kuti atengemo zombo, mitundu ya anthu ndi zina, ndiye kuti bukulo linadya za pa tebulo kaye tisanayambe ife kudya za m'bukumo. Dzina loti Coruscant, la dziko lomwe linali likulu la Empire, linayambira m'buku limeneli, mafilimu nkudzalitenga pambuyo. Mu 2014 eni ake a Star Wars, kampani ya Lucasfilm, analengeza kuti mabuku onse akalewa akhala Legends, kutanthauza nthano zapambali, mafilimu atsopano sakakamizidwa kuwatsatira. Mu 2016 anamubweretsanso Thrawn mu katuni ya Star Wars Rebels, koma pa nthawi ina, nkhondo ina, adani ena. Anatenga munthuyo nkusiya ndondomeko ya nkhani. Eni ake enieni, amene amadya ndalama za Star Wars, anachita zomwe ndikunenazi. Ndiye inu achimwene a pa Dedza pano mukulondera tsamba lomwe eni ake analisiya kalekale, mukulondera ndani?

Onaninso a Warhammer 40,000, nkhani ina ya nkhondo za m'mlengalenga yomwenso ili ndi magemu ndi mabuku. Mabuku a Dan Abnett onena za Eisenhorn, Inquisitor (wofufuza adani a ufumu wa m'nkhaniyo), anthu amawakonda, koma RPG yawo ya Dark Heresy itatuluka mu 2008 sanati sewerani mapazi a Eisenhorn. Osewera ndi antchito wamba a Inquisitor, ndipo anawapatsa dera lawolawo la Calixis kuti zomwe achite kumeneko zikhale zawo. Opanga magemu amadziwa kuti munthu sakhala pa tebulo kuti aonerere.

Bawo munthu mmodzi akamatakata mbali zonse ziwiri, mnzakeyo amadzuka nkumapita, ndipo sungamunene. Ndi zomwe zichitike pa gulu lathu mukapitiriza. Ndife ochepa kale, anthu osewera zimenezi kuyambira Chimbiya mpaka Lizulu mutha kutiwerenga ndi zala, ambiri tikawauza amaseka kuti akuluakulu mukusewera za ana, ndiye wina wabwera ndi mtima wonse inu nkumuuza kuti maganizo ake alibe ntchito. Mtsikana uja sanakangane nanu, anangolongeza pepala lake mwaulemu, ndipo gemu yonse yotsalayo sanayankhulenso. Inu munaona ngati wavomereza. Sanavomereze, anangoona kuti palibe chifukwa choganizira. Mutu umodzi susenza denga achimwene. GM ndi mutu umodzi, Zahn kulibe pa tebulo, otsalawo ndife.

Ndikubwerezanso kuti mumve. Mukatchula nambala, munthu nkupyola, chachitika chachitika. Ngati simukufuna kuti chichitike musamupatse madayisi, muuzeni poyera kuti chombocho chili ndi alonda mazana ndipo safikako, aganize njira ina. Koma kumulola aponye kenako nkumulanda, ayi, kumeneko ndi kuba, ndipo ndikana ngakhale atakhala GM wodziwa malamulo onse pamtima.

Ndipo poti tayamba za mabuku, inu amene mumabwereka osabweza, mukutipha. Mabuku amenewa sapezeka wamba kuno, munthu umachita kufufuza mu milu ya mabuku a kaunjika ku Lilongwe, mwina upeze gawo lachiwiri loyamba palibe, mwina upeze lopanda chikuto, ndiye wina atenga nkukhala nalo miyezi, ukamufunsa akuti lili kwa msuweni wake ku Ntcheu. Msuweniyo amasewera nafe? Lina linabwera litanyowa masamba atamatana, mwini wake osapepesedwa nkomwe. Amene muli ndi mabuku a gulu mubwere nawo Loweruka likudzali, onse, ndipo musatume mwana.