Tangonenani kuti mwasiyana!

Timafilimu tachikondi tosachita phokosoti tanditopetsa. Mnyamata ndi mtsikana ali m'kanyumba ka lendi ku Brooklyn, mumzinda wa New York, akudya mpunga wozizira, osayankhulana. Kamera yangoloza firiji ikulira, mphindi 5 zathunthu. Kodi yasweka mtima ndi firijiyo? Mtsikana afunsa, "Uli bwino?" Mnyamata angoti "mm," basi maso pawindo. Nyimbo palibe, kaya ndalama zinathera khofi. Akati ayankhule, manong'onong'o okhaokha. Ukakweza voliyumu, wina amenyetsa chitseko, mwana kuchipinda dzidzimu! Ndiye ku Sundance, chikondwerero cha mafilimu cha ku America, m'manja phwaphwaphwa, ati ndi zakuya. Zakuya chani, anthu akuluakulu awiri akulephera kunena kuti "zatha"? Pomwe mayina akukwera kumapeto, amene moyo wake wasintha ndi mphaka yekha: wachoka pampando, wakagona pabedi.