Ma reference a pepala la za miyala musamawasiyire usiku womaliza

Ana athu amene akuphunzira za miyala kuno ku Joni, kaya ku yunivesite ya Wits kaya ya UJ, akafika potumiza pepala ku journal (magazini yosindikiza kafukufuku) dandaulo lawo limakhala limodzi. Munthu wathera miyezi mu labu, wadula miyala mopyapyala, waiyang'ana pa microscope mpaka maso kuwawa, ndiye mkonzi akumubwezera pepala kaamba ka chizindikiro cha koma (,) ndi kadontho (.) m'ma reference. Ndimawamvetsa. Koma maganizo anga ndi akuti mndandanda wa ma reference wakumapeto kwa pepala, wotchula zolemba za ena zomwe mwagwiritsa ntchito, ndi mbali ya kafukufuku weniweniyo, ndipo kwa ife Amalawi nkhani yake ndi yaikulu kuposa zizindikiro za m'kalembedwe.

Pomwe ndikugwirizana nawo ndi apa. Journal iliyonse ili ndi kakonda kake. South African Journal of Geology, ya bungwe la Geological Society of South Africa lomwe linayamba mumzinda muno mu 1895, golide atangopezeka kumene ku Langlaagte mu 1886, imafuna dzina la wolemba ndi chaka mkati mwa nkhani, mndandanda n'kutsata alifabeti. Ma journal a bungwe la American Geophysical Union (AGU) ku America amatsata kalembedwe kotchedwa APA. Journal ya Nature imafuna timanambala. Wina akuti dzina la journal lilembedwe lonse, wina akuti lifupikitsidwe. Pepala likakanidwa uku n'kukayesa kwina, uyambirenso kusanja. Kumeneko ndi kuzunzana basi. Ma journal angapo anayamba kale kulandira kalembedwe kalikonse poyamba, bola kakhale kofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, kukonza kwenikweni n'kudzachitika pepala likavomerezedwa. Onse akanangotero.

Ndiye ena amati vutoli linatha, pali mapulogalamu a pakompyuta osanja ma reference, Zotero, Mendeley, EndNote, ungodina. Zoona, gwiritsani ntchito, nanenso sindilemba pamanja. Koma mudziwerenga zomwe zatulukazo. Tengani dzina la Alexander du Toit, katswiri wa kuno uja amene ankaikira kumbuyo zoti makontinenti anali pamodzi kenako n'kupatukana. Mukalowetsa dzina lake mosasamala limatuluka kuti Toit, A.L.D., n'kukakhala pansi pa T, pamene wowerenga akulifuna pa D. Bungwe la Council for Geoscience la ku Pretoria kompyuta imaliona ngati munthu, n'kulilemba Geoscience, C.F. Maina a magulu a miyala ngati Karoo Supergroup ndi Bushveld Complex imawagwetsera ku zilembo zazing'ono ngati mawu wamba. Wowunika pepala amene wakalambira pa miyala ya Karoo akaona zimenezi amadziwiratu kuti mwini pepala sanawerenge mndandanda wake, ndipo amayamba kukayikira ngati manambala a m'tebulo anawerengedwa.

Maina athu nawo ali ndi msampha wake. A Phiri ndi a Banda ndi ochuluka. Zilembo a ndi b, monga 2019a ndi 2019b, ndi za munthu mmodzi amene anatulutsa mapepala awiri chaka chimodzi. Akakhala a Phiri awiri osiyana, chowasiyanitsa ndi zilembo zoyamba za maina awo. Mukasakaniza mwapereka ntchito ya wina kwa wina, ndipo pa ntchito zathuzi kukwezedwa kumayendera zomwezo.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. Zambiri zomwe tikudziwa za miyala ya kwathu zinalembedwa m'ma bulletin (malipoti osindikizidwa) ndi pa mapu a Geological Survey ya ku Zomba, nthambi ya boma yoona za miyala. Mapiri a kumwera kwa Malawi otchedwa Chilwa Alkaline Province, monga phiri la Kangankunde ku Balaka, Songwe ndi Tundulu ku Phalombe, malo amene lero makampani akuthamangira chifukwa cha miyala yamtengo wapatali ya rare earths, anthu anawayenda wapansi ndi nyundo kalekale, ambiri m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ena kale kuposa apo m'nthawi ya Frank Dixey, yemwe anali mkulu wa Geological Survey imeneyi. Zolemba zimenezo zilibe DOI, nambala yapadera yopezera pepala pa intaneti. Simungazikokere mu Zotero podina kamodzi, muyenera kulemba nokha dzina, chaka, nambala ya bulletin, masamba ndi malo osindikizira. Ndiye wophunzira wotopa amachita chiyani? Amapeza pepala la posachedwa lolembedwa kunja lomwe latchula nkhaniyo m'chiganizo chimodzi, n'kuika limenelo. Wina wobwera pambuyo n'kutchula wophunzirayo. Posakhalitsa palibe akudziwa kuti ndani anaona mwalawo ndi maso, pa mtsinje uti, ndiponso ngati anauyezadi kapena ankangoganizira.

Pa za miyala zimenezi si zazing'ono. Wa chemistry akhoza kubwereza zoyesa zake mu labu ina iliyonse. Ife tiyenera kubwerera pa thanthwe lomwelo. Reference yosalongosoka ili ngati kuuza mlendo kuti kwathu n'ku Mulanje, osatchula mudzi kapena mfumu. Akafika pa Chitakale ayambe kufunsa ndani?

Ndipo lembani monga zinasindikizidwira. Chimene chinatuluka 1964 isanafike n'cha Geological Survey of Nyasaland, musachisinthe kukhala Malawi chifukwa chokonda dziko. Woyang'anira laibulale akafufuza dzina limene lili pachikuto. Chimodzimodzi kuno, mapepala akale a South African Journal of Geology ali pansi pa dzina lakuti Transactions of the Geological Society of South Africa, lomwe linagwira ntchito mpaka 1986. Onaninso nkhani ya dinosaur yathu ya ku Karonga. Mafupa ake anayamba kuwafotokoza ndi Sidney Haughton wa ku South Africa konkuno mu 1928, pansi pa dzina lakuti Gigantosaurus dixeyi. Dzina la Malawisaurus linabwera mu 1993. Wolemba za nyamayi akatchula pepala limodzi lokha, kapena akasokoneza zaka, wowerenga aganiza kuti ndi nyama ziwiri, kapena kuti mafupawo anapezeka dzulodzuloli.

Ma thesis a ku UNIMA ndi ku MUBAS nawonso atchuleni mokwanira: dzina, chaka, mutu, digiri yake, yunivesite. Mnzanu anavutika nayo ntchito imeneyo, mwina n'ndalama za m'thumba mwake, ndipo ikapanda kutchulidwa mu journal yodziwika ithera pa shelefu ndi fumbi.

Chinanso, achimwene ndi achemwali anga, musatchule pepala lomwe simunaliwerenge ngati kuti munaliwerenga. Ngati mwalipeza kudzera mwa wina, kalembedwe kalikonse kali ndi njira yonenera zimenezo, ndipo palibe manyazi. Masiku ano kwabweranso ma reference opeka otuluka m'mapulogalamu a AI, dzina la wolemba lenileni, journal yeniyeni, koma pepalalo kulibe. DOI iliyonse muziiika pa doi.org muone komwe ikukafika. Muonenso kuti aliyense wotchulidwa mkati mwa nkhani ali pamndandanda, ndipo aliyense wa pamndandanda watchulidwa mkati. Ndime ikachotsedwa pokonza, reference yake imakonda kutsalira.

Amene mukupita kumudzi mu December ndipo mudutsa ku Zomba, tithandizeni. Ngati akulolani, jambulani chikuto ndi tsamba loyamba la bulletin iliyonse yomwe mungaipeze, nambala ndi chaka zioneke bwino, pamodzi ndi pangodya pa mapu pomwe pali sikelo ndi nambala ya sheet. Mutumize pa gulu lathu la WhatsApp, tizilowetse mu Zotero kamodzi kokha molondola kuti aliyense azingotengapo.