Lekani kugulitsa Hackintosh kwa anthu n'kumawauza kuti ndi Mac

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo madzulo mwana wa achemwali anga wafika kwathu pa kabaza atafungatira kompyuta yake, akuti ankolo yakana kuyaka ndipo nyimbo za anthu zonse zili momwemo. Mnyamatayu ali ndi kasitudiyo kuseri kwa nyumba ya makolo ake, amajambula makwaya ndi anyamata oimba a m'dera mwawo, sopo wake amachokera pamenepo. Kompyutayo anagula kwa mkulu wina wokonza makompyuta amene anamuuza kuti iyi ndi Mac, pulogalamu ya Apple yojambulira nyimbo ya Logic Pro ilimo kale, iwe kwako n'kungoyatsa basi uzigwira ntchito.

Mac yake iti? Ndatsegula mbali ya bokosilo ndapeza motherboard ya H81, purosesa ya i5 ya 4th generation zija zinatuluka 2013, ndi kagraphics card ka NVIDIA GT 710, fumbi lili tho pa fani. Kunja amata sitika ya apozi wolumidwa uja. Ukayatsa chizindikiro cha Apple chikubwera bwinobwino, kamzere koyenda kaja kakufika pakati n'kuima, mpaka kalekale. Ndachotsa disiki n'kulumikiza ku kompyuta yanga kuti ndione foda ya EFI, imene mumakhala mafayilo odzutsa kompyutayo, ndipo apa m'pamene mtima wanga unaphulika. Muli SMCBatteryManager abale, kext (ka driver ka macOS) yowerenga batire la laputopu, mu kompyuta ya pa tebulo yopanda batire olo limodzi. Muli ya trackpad. Munthuyu anangotola EFI ya munthu wina pa intaneti, kuiponya m'menemo, yayaka, walandira ndalama, wapita. Sanatsegule fayilo ya ma setting ya config.plist n'kamodzi komwe, ndikutsimikiza.

Hackintosh, kutanthauza PC wamba imene yaikidwa macOS, sisitimu ya makompyuta a Apple, si katundu wogulitsa. Ndi ya munthu amene waimanga yekha ndi manja ake ndipo akudziwa chimene anaika ndi chifukwa chake. Ukamugulitsa munthu amene sadziwa kuti EFI ndi chani, wamugulitsa mavuto amene sangawathe, ndipo iweyo ukudziwa kuti sangawathe. Kumeneko ndi kuba. Sindipeza dzina lina.

Chimene chinachitika n'chakuti kompyutayo inali pa macOS Big Sur ndipo inkayenda ndithu. Koma EFI yobwereka ija inkaiuza macOS kuti makinawa ndi iMac Pro ya 2017, nde Apple poona iMac Pro inamubweretsera update ngati mmene imachitira ndi wina aliyense, kanambala kofiira kaja kali pa System Preferences tsiku ndi tsiku. Mwanayu anagula bando, anadikira usiku kuti netiweki ikhale bwino, n'kudina. Analakwa chani? Foni yake imapanga update, laputopu ya mnzake imapanga update, iye anauzidwa kuti ali ndi Mac, nde akanadziwa bwanji kuti yakeyi ukadina pamenepo waipha? GT 710 ndi ya banja la Kepler, ndipo ma driver a Kepler Apple inawachotsa kuyambira pa Monterey, macOS yotsatira Big Sur. Big Sur ndiye malire ake. OpenCore, pulogalamu yodzutsa macOS pa PC, imene inalimo nayonso ndi yakalekale, siingadzutse macOS yatsopano. Izi aliyense amene anamangapo Hackintosh amazidziwa ngati dzina lake, koma wogula sanauzidwe.

Nde mwanayu wamuimbira mkulu uja. Yankho lake eti anakuuza ndani kuti upange update. Anakuuza ndani! Inuyo munamuuza kuti asapange? Munamukhazika pansi n'kumufotokozera kuti ichi si Mac yeniyeni, ndi PC imene tikuinamiza, usakhudze apa ndi apa? Ayi, munamata sitika. Kenako akuti abweretse aikonze koma alipirenso, ndipo zonse zili m'katimo zifufutika chifukwa aiformata. Nyimbo za kwaya yonse, anthu anasonkha ndalama, anayenda mitunda kudzajambula, inu mukuti zifufutika ngati mukunena za magemu. Lero foni sakuyankha.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Basi.

Ndipo musandimve molakwa, ine sindidana ndi Hackintosh, ndimaikonda kwambiri. Yanga ndinamanga ndekha pa zipangizo zakale ndipo ikundigwirira ntchito mpaka lero. Chinthu chimenechi chinayamba Apple italengeza mu 2005 kuti ikusiya mapurosesa a PowerPC kupita ku a Intel, ma Mac oyamba a Intel n'kutuluka 2006, anthu anzeru zawo n'kuona kuti ngati m'kati mwa Mac muli purosesa yofanana ndi ya PC ndiye kuti macOS ingathe kuyenda pa PC. Kunabwera mapulogalamu odzutsa macOS pa PC, Chameleon, Clover, kenako OpenCore. Anthu amenewa analemba zonsezi ulere, malangizo a Dortania ali poyera pa intaneti ulere, aliyense akhoza kuwerenga. Koma kuwerengako ndiye ntchito yake. Umakhala pansi n'kudziwa kuti VirtualSMC ndi imene imanamizira kachipu ka SMC kamene kamapezeka mu Mac yeniyeni, Lilu ndi tsinde limene ma kext ena amatsamira, WhateverGreen ndi ya graphics, AppleALC ndi ya mawu ndipo uyenera kupeza layout-id yogwirizana ndi motherboard yako apo ayi sipika ili zii. Ma USB port umachita kuwayesa limodzi limodzi ndi flash chifukwa macOS imalola 15 okha pa controller imodzi. Ikakana kuyaka umaika -v kuti m'malo mwa apozi uja uzionamo mizere yoyera ikuthamanga pa sikirini yakuda, n'kuyang'ana mzere umene yaimira, n'kudziwa kuti vuto lili pati. Ukadutsa m'zimenezi kompyutayo ndi yako zenizeni, ikadwala umadziwa pogwira. Ukapanda kudutsamo si yako, ndi ya amene anaimanga, ndipo tsiku limene wasiya kuyankha foni iwe watsala ndi bokosi lachitsulo.

Ndiye ndikunenanso, simungamugulitse munthu chinthu chimene chimafuna kuti mwini wake akhale makaniko wake. Makamaka pa zipangizo zakale zimene zadzaza m'mashopu mwathumu. Pa makina akale chaka chilichonse pali chinachake chimene chimagwa. Ma driver amene NVIDIA inkatulutsa yokha, ma web driver aja, anathera pa macOS High Sierra 10.13, kutanthauza kuti amene ali ndi GTX 1060 kapena 1050 Ti sangapitirire 10.13 ndi khadi limenelo. macOS Catalina mu 2019 inapha mapulogalamu onse a 32-bit, ma plugin akale ambiri anafera pamenepo. Ventura mu 2022 inayamba kufuna purosesa yokhala ndi luso lotchedwa AVX2, nde ma 2nd ndi 3rd generation onse aja anatsala panja pokhapokha uchite zokhotakhota. Sonoma mu 2023 inachotsa ma driver a makhadi a Wi-Fi a Broadcom amene anthu a Hackintosh ankawadalira zaka zonsezi. Wogulitsa uja akuzidziwa izi? Ngati akuzidziwa n'kukhala chete ndi wakuba. Ngati sakuzidziwa, akugulitsiranji chinthu chimene sachidziwa? Mbali zonse ziwiri palibe pothawira.

Ndikudziwa, Mac ndi yodula, kwacha ndi imeneyi, achinyamata akufuna Logic ndi Final Cut yokonzera mavidiyo ndipo sizipezeka pa Windows. Chabwino. Koma umphawi wa munthu si chilolezo choti umunamize.

Komanso tinene zoona zake, layisensi ya macOS imanena poyera kuti iziikidwa pa makina a Apple okha. Munthu akamachita zake kuchipinda kwake pofuna kuphunzira, imeneyo ndi nkhani yake ndi chikumbumtima chake. Koma kugulitsa ndi nkhani ina. Ku America kunali kampani ya Psystar, ya ku Florida, inayamba kugulitsa makompyuta okhala ndi Mac OS X mu 2008, Apple inaitengera kukhoti chaka chomwecho ndipo mu 2009 khoti linailetsa. Anthu amene amalemba OpenCore ndi ma kext aja sagulitsa, amapereka ulere. Nde iwe watenga thukuta la anthu laulere, sunawerenge n'komwe, wasandutsa bizinesi, ukudyera mwana wa mnzako amene akungofuna kujambula nyimbo. Manyazi mulibe?

Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti akugulitsa chinthu chimene chili kumapeto kwa moyo wake. Apple inayamba kupanga mapurosesa ake, M1 inatuluka November 2020, ndipo mu June 2025 inanena yokha kuti macOS Tahoe 26 ndi yomaliza kuyenda pa Intel. Yomaliza. Ikadutsa imeneyo kulibenso macOS yatsopano ya PC iliyonse, kaya yakale kaya yatsopano, kaya uli ndi nzeru zotani. Ife amene timazikonda tikudziwa ndipo tavomereza, tizigwiritsa ntchito zimene tili nazo mpaka pamene zidzathere. Koma wogula anauzidwa? Anauzidwa kuti Logic yatsopano ikamatuluka imafuna macOS yatsopano, ndipo makina ake sadzafikako? Anangouzidwa kuti iyi ndi Mac. Mawu atatu, ndalama m'thumba.

Munthu wachilungamo akanamuuza mwanayu kuti i5 yakoyi ndi yabwinobwino, ika Windows, ika SSD, onjezera RAM, gwiritsa FL Studio kapena Cubase kapena Reaper, nyimbo zambiri zimene timavina zinapangidwa choncho ndipo palibe amene amafunsa. Kapena ngati mtima uli pa Logic basi, sunga ndalama pang'onopang'ono udzagule Mac mini ya M1 yogwiritsidwapo kale ntchito. Kapena olo kumuikira Hackintosh yomweyo koma kumuuza zoona, kuti iyi ndi PC, nayi flash ili ndi EFI yako isunge ngati chiphaso, update ndazimitsa usayatse, ntchito zako uzikopera pa disiki ina tsiku lililonse, ikavuta ndiimbire ndibwera. Zikanatenga mphindi zingati kunena zimenezi? Koma ayi, akanena zoona mtengo utsika, nde bola sitika.

Za backup nazo sanamuuze. Time Machine, pulogalamu yokopera mafayilo pa disiki ina, ili momwemo mu macOS, yaulere, imangofuna disiki yapadera, ndi magetsi athu ozimazimawa munthu wa situdiyo sangakhale opanda. Disiki ya macOS ili mu fomati ya Apple yotchedwa APFS, ukailumikiza pa Windows siioneka, nde mwanayu anayesa pa laputopu ya mnzake n'kuona kuti palibe chikutuluka, Windows ikumufunsa zoti aiformate, anangotsala pang'ono kuvomera poganiza kuti zonse zapita kale. Mwayi wake ndi woti ine ndili ndi makina owerenga APFS, mafayilo ndawapeza ali bwinobwino ndipo ndawakopera. Nanga amene alibe ankolo odziwa zimenezi? Ndi angati amene anangolira n'kuvomera kuti aformate, n'kukapepesa kwa makasitomala, ena mpaka kubweza ndalama zimene anadya kale? Mbiri ya situdiyo imafa ndi tsiku limodzi lotere, anthu sadzati kompyuta inavuta, adzati mnyamata uja ndi wosadalirika anatitayira nyimbo.

Inu okonza makompyuta, ambiri mwa inu ndinu anthu abwino ndipo mumatithandiza, koma amene mukuchita izi lekani. Ngati munthu sanaimange yekha musamupatse. Ngati akuumirira, mukhazikeni pansi aimange pamodzi nanu, aone foda iliyonse, adziwe kulowa mu BIOS, adziwe kubwezeretsa EFI yake yekha. Akakana kuphunzira ndiye kuti Hackintosh si yake, mugulitseni Windows apite. Inunso ogula, munthu akakuuzani kuti bokosi ili ndi Mac mufunseni kuti Apple inapanga liti Mac yokhala ndi motherboard ya H81, muone mmene ayankhire.

Ndipo poti ndayamba kale, palinso khalidwe lina lomweli la kumangolemba kuti "Core i7" pa malonda osanena generation. i7-2600 ndi ya 2011 abale, i3 ya 10th generation imaiposa pa ntchito zambiri, koma munthu akangoona 7 akuganiza kuti wapeza chilombo, inu muli chete mukuwerenga ndalama. Mukafunsidwa generation mumati aaa bwana i7 ndi i7. Lembani nambala yonse ya purosesa pa chithunzipo, lembani ngati disiki ili SSD kapena ija yozungulira, lembani RAM ngati ili DDR3, zikukuvutani chani?