Chenjezo kwa inu amene mukuponya mabuku a ana kudzala

Loweruka lapitali ndinagula zitumbuwa zitatu pamsika wa kwathu kuno. Mayi wogulitsa anang'amba pepala m'buku limene analitsamiritsa kunsi kwa beseni, n'kukulunga, n'kundipatsira. Pomasula kunyumba ndinangoti maso ndi kalulu. Kalulu wojambulidwa ndi inki yakuda, makutu ali njo, waima pambali pa chitsime, ndipo m'munsi mwake muli mizere isanu ya zilembo zikuluzikulu, zija tinkawerenga choloza ndi chala. Mafuta anali atalowerera kale. Koma mawu ankawerengeka, ndipo analembedwa "citsime", "cakudya", "cifukwa". Inu amene munapita kusukulu kale mukudziwa chimene "c" wopanda "h" ameneyo akunena. Buku limenelo linasindikizidwa mayi wogulitsayo asanabadwe.

Zitumbuwa ndinazisiya patebulo, ndinabwerera kumsika mtima uli phaphapha. Ndinapeza kwatsala masamba 11 okha. Chikuto palibe, dzina la buku palibe, dzina la wolemba palibe. Mayiwo anati amagula mapepala kwa mnyamata wina amene amabwera nawo m'thumba, ndipo ulendo uno anawatenga pasukulu ina ya pulayimale pomwe ankasesa chipinda chosungiramo katundu kuti mulowe mabuku atsopano. Mnyamatayo anangopulumutsako thumba limodzi. Ena onse anawawunjika kudzala n'kuyatsa, ati ndi a silabasi yakale.

Mayi wa zitumbuwayo ine ndilibe naye mlandu. Akufuna ana ake adye, ndipo pepala kwa iye ndi pepala. Mlandu ndili nawo ndi inu odziwa kuwerenga. Inu aphunzitsi, inu ahedi, inu a komiti ya sukulu amene munaima poteropo utsi ukukwera. Pa anthu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kutola buku limodzi, kuphumitsa fumbi n'kufunsa kuti kodi ili likupezekanso kwina? Munaphunzira kuwerenga ndi chiyani inuyo? Si mabuku omwewo?

Ndipo si pasukulu pokha ayi. Ndaona ndi maso anga mwamuna wamkulu ndithu akupichira chingambwe m'tsamba la buku la nthano. Ndaona buku la Sitandade 2 litakolekedwa pamsomali m'chimbudzi. Mbaula ikavuta kuyaka, mumang'amba buku la mwana. Zenera likasweka, mumatseka ndi chikuto. Tebulo likamagwedera, buku pansi pa mwendo. Kutchalitchi nakonso timabuku ta Sande sukulu ndi ta nyimbo za ana tili m'katoni kuseri kwa kabati, pansi pa denga lodontha, chiswe chikumangamo nyumba, koma akulu ampingo mumakhala misonkhano mpaka dzuwa kulowa kukambirana za utoto wa mpanda. Nanga pamaliro a mphunzitsi wopuma? Achibale mumakanganirana njinga, wailesi, malata ndi mbuzi, mpaka kukafika kwa amfumu. Sutikesi ya mabuku imene malemuwo anaisunga zaka makumi anayi, kuiteteza ku mvula ndi makoswe nthawi zonse akasamutsidwa, palibe woifuna. Pakatha sabata ana akupinda tindege ndi masamba ake. Zoona anthuni?

Kodi mumayesa mabuku amenewa anagwa ndi mvula? Anthu anakhetsa thukuta. Ku Nkhoma kunali makina osindikizira a mishoni, ku Blantyre kunali Hetherwick Press, ku Livingstonia ankasindikiza a Chitumbuka ndi Chitonga, ku Likoma nakonso ankasindikiza, Akatolika ali ndi Likuni Press ku Lilongwe ndi Montfort Press ku Limbe. Masiku amenewo munthu ankatola chilembo chimodzichimodzi chachitsulo n'kumasanja ndi manja mpaka tsamba lidzale. Aphunzitsi a kumidzi ankalemba usiku pa nyali ya koloboyi nthano zimene anamva kwa agogo awo kuti mwana wa m'kalasi awerenge za kalulu, fulu ndi fisi m'chinenero chake. Samuel Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana mpikisano wa olemba m'zinenero za mu Africa. Kuyambira 1948 kunali bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, likulu lake ku Lusaka, ndipo n'chifukwa chake nkhalamba ya ku Chipata ndi nkhalamba ya ku Dedza zikhoza kukumbutsana nkhani imodzi imene zinawerenga zili ana. Kenako kunabwera osindikiza mabuku a CLAIM, kunabwera a Dzuka mu 1975, mabuku a sukulu n'kumadzalembedwa ku Domasi. Mzere wonsewu ndi mbiri ya mmene mwana wa dziko lino analeredwera m'maganizo. Ndiye inu mukuti ndi zinyalala?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: tayamba kale kutaya, ndipo sitikuphunzirapo kanthu. Mu 1968, pamene Chinyanja chinatchedwa Chichewa n'kukhala chinenero cha dziko, mabuku a Chitumbuka anachotsedwa m'makalasi. Lero ndani angandisonyeze mndandanda wathunthu wa timabuku timene mwana wa ku Ekwendeni kapena ku Embangweni ankawerenga chisanafike chaka chimenecho? Bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972 n'kukonza kalembedwe, mabuku a "c" aja anaoneka ngati olakwika, ndipo ambiri anathera momwemo. Silabasi ikasintha, kudzala kumafuka utsi. Ikasinthanso, utsi wina. Mu 1994 sukulu ya pulayimale itakhala yaulere ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, mabuku anang'ambika chifukwa chogwiridwa ndi manja ambiri, ndipo zimenezo n'zomveka, buku la mwana limafa ndi ntchito. Koma ochepa amene anapulumuka manja a ana, mukuwamaliza ndinu akuluakulu ndi machesi. Buku la mwana ndi lopyapyala, pepala lake ndi lotchipa, palibe amalisunga m'kabati ya galasi ngati Baibulo kapena dikishonale. Likatha latha.

Mdzukulu wanga wina, mtsikana wa ku yunivesite, anasankha kufufuza zomwezi: ana a m'dziko muno ankawerenga chiyani kuyambira nthawi ya atsamunda, analemba ndani, anajambula zithunzi ndani, mtsikana ankaonetsedwa akuchita chiyani m'zithunzimo, mnyamata akuchita chiyani. Mwanayo anayenda mpaka nsapato kutha. Apa apeza buku lachiwiri popanda loyamba. Apo apeza lachinayi, masamba a pakati atadyedwa ndi njenjete. Kwina amuuza kuti bwerani mawa, wosunga kiyi wachoka. Kwina amuuza mosabisa kuti tinatentha chaka chatha. Tsiku lina anabwera kwa ine atatopa, anakhala pakhonde n'kunena kuti, "Agogo, akuti ena mwa mabukuwa ali ku London, kulaibulale ya yunivesite ya SOAS." Ndinasowa chomuyankha. Mwana wa Mmalawi akapemphe viza, akwere ndege, kuti akaone buku limene agogo ake ankalinyamula m'kathumba ka nsalu popita kusukulu wapansi? Azungu anasunga, ife eniake tinakulungira usipa. Simukuchita manyazi?

Ndiye pali ena a inu, makamaka achinyamata, mumati musadandaule madala, zonse zili pa intaneti. Anaziikapo ndani? Liti? Kompyuta imadziwa zokhazo zimene munthu anaipatsa, ndipo buku limene linapsa kudzala palibe analijambula. Ndimakuonani pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Wina akaponya chithunzi cha chikuto cha Sosa, kapena cha Timve ndi Tsala, mumasefukira mazanamazana, kuti kalekale kunali bwino, kuti tinaphunzira ife. Chikuto chokha! Ndikafunsa kuti ali nalo buku lonse ndani, kuli zii. Mumalira maliro a chinthu chimene mukuchipha nokha kunyumba kwanu. Wina amati ndinajambula pa foni. Foni yomweyo imene idzabedwe m'minibasi mwezi wamawa? Imene mudzafufute zithunzi kuti mupeze malo a mavidiyo a ukwati?

Inunso olemba ndi osindikiza a masiku ano musaganize kuti ndakuiwalani. Mukutulutsa timabuku ta ana tokongola, ta mitundu yowala, ena ndi ndalama za mabungwe, ena ndi za m'thumba mwanu, ndipo ndikuyamikira. Koma tsegulani tsamba loyamba. Chaka mulibe. Dzina la wojambula zithunzi mulibe, ngati kuti zithunzizo zinadzijambula zokha. Nthano mwaitenga kwa gogo wa kumudzi, koma simunalembe kuti ndi wa mudzi uti, boma liti. Pulojekiti ikatha, ofesi itsekedwa, kompyuta igulitsidwa, buku lizimirira ngati silinakhaleko. Ku Zomba kuli National Archives, nkhokwe ya zolembedwa za dziko, kuyambira 1947, ndipo lamulo la dziko lino limati aliyense wosindikiza buku apereke kope kumeneko. Ndi angati mwa inu munapereka? Kope limodzi lokha likukukanikani? Ndalama ya phwando lokhazikitsira buku kuhotela ilipo, koma ya envulopu yopita ku Zomba palibe?

Ndipo musanene kuti poti kuli malo osungirako ndiye ife titaye. Moto sufunsa. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za boma la atsamunda zinapita. Mu Disembala 2015 laibulale ya yunivesite ya Mzuzu inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowetsa madzi ndi matope m'makalasi a m'chigawo cha kummwera. Zimenezo ndi ngozi, palibe anazifuna. Koma ngozi ikagwa pamalo amodzi, chimapulumutsa mtundu ndi kope lija lili m'sutikesi ya mphunzitsi wopuma ku Ntchisi, lija lili m'kabati ya tchalitchi ku Mulanje. Mukatentha amenewo, mwatentha mbewu. Ndi mlimi wanji amakazinga mbewu yonse chifukwa choti chimanga cha chaka chino chacha?

Za nthano zapakamwa ndingonena pang'ono, chifukwa ndikayamba sinditha. Agogo akati "Padangokhala," ndi ana angati lero amadziwa kuyankha kuti "Tili tonse"? Mumawakhalitsa chete agogowo kuti mukuonera filimu. A National Library Service anayesetsa kuyenda m'midzi kujambula nkhalamba zikusimba nthano, koma sangafike khomo lililonse. Gogo ali m'nyumba mwanu, foni ili m'manja mwanu tsiku lonse, mukudikira chiyani? Tsiku la maliro ndiye muzidzati anali nkhokwe ya nzeru?

Sindikukupemphani ndalama. Buku lakale la ana mukalipeza, kaya ndi la Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chitonga kapena Chingerezi cholembedwa kuno, musachotse chikuto ngakhale chitang'ambika, chifukwa dzina, chaka ndi wosindikiza zimakhala pamenepo. Musalimate ndi selotepi, imadya pepala. Lichotseni pansi, liikeni pouma. Lembani pa kapepala kena kuti linali la yani, ankaphunzira sukulu iti, zaka ziti, mulowetse m'katimo. Ngati likukupanikizani m'nyumba, kaperekeni kulaibulale, ku Zomba, kapena ku Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Inu ahedi, musanayatse moto, patulani makope awiri a buku lililonse. Awiri okha. Shelefu imodzi ikukwana. Kapena ndi ntchito yaikulu imeneyo kuposa kukumba dzala?

Masamba 11 aja ndinawagula, mayiwo akundiyang'ana modabwa. Ndawayala pakati pa manyuzipepala kuti mafuta achoke, la zitumbuwa lija ndaliika pamwamba. Nkhani yake ndi ya nyama zimene zinakumba chitsime nthawi ya chilala kalulu atakana kukumba nawo. Ikuthera pamene fulu wadzipereka kuti akalondera usiku. Tsamba lotsatira linapita ndi munthu wina amene anagula zitumbuwa ine ndisanafike, ndipo pano lili m'ngalande. Mdzukulu wanga wawayang'ana masambawo mobwerezabwereza, koma popanda chikuto sakutha kudziwa kuti analemba ndani, anajambula kaluluyo ndani, anasindikiza kuti. Munthu anagwira ntchito yake mokhulupirika kuti ana athu awerenge, ndipo dzina lake tinalitentha kudzala Lachisanu masana, aphunzitsi ali chiimire.

Munthu wophunzira sachita zimenezi. Lekani.