Kodi "next Saturday" ndi Loweruka liti?

Lachitatu lapitali, pagulu lathu la pa WhatsApp lokonzekera ukwati wa mphwanga, wapampando analemba kuti: "Tikumane next Saturday, half two." Loweruka lomwelo tinafika kwa amalume anthu asanu ndi awiri, ena atalipira minibasi kuchokera ku Area 25. Wapampando osaoneka. Titawaimbira, anadabwa kwambiri, chifukwa iwo ankanena Loweruka la sabata inayo. Palibe amene ananama. Mawuwo ndi amene ali ndi mitu iwiri, ndipo ngakhale Angerezi eni ake amakangana nawo mpaka lero.

Ine sindidana ndi mawu obwereka. "Koloko" tinaitenga ku Chingerezi kalekale, ndipo lero agogo anga akamati "ndidzuka faifi koloko kupita kudimba" akulankhula Chichewa chenicheni. Wikendi, hafu pasiti, Januwale, zonsezi zinalowa m'nyumba ndipo zinakhazikika. Chimene chikundipweteka n'chakuti tikutaya mawu athu olunjika n'kumatola achingerezi osalunjika.

Taganizani za "mkuja". Liwu limodzi lokha, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi tsiku lobwera mawa likadutsa. Mngerezi alibe liwu limodzi lotere m'kalankhulidwe kake ka tsiku ndi tsiku, amachita kulumikiza mawu anayi. "Dzana" chimodzimodzi. Koma funsani mwana wa sekondale m'tauni kuti mkuja ndi liti, ambiri ayamba akanda kaye m'mutu. Wapampando wathu akanalemba kuti "Loweruka likubwerali" kapena "Loweruka la sabata yamawa", palibe akanawononga ndalama yoyendera.

Tsiku lathu nalonso tinaligawa bwino kwambiri. Pali tambala woyamba, mbandakucha, m'mamawa, dzuwa lili paliwombo, masana, madzulo, chisisira, usiku, pakati pa usiku. Mlimi amasiyanitsa mbandakucha ndi m'mamawa chifukwa ntchito yake imadalira kusiyana kumeneko. Lero zonsezi tazipanikiza mu "mawa morning" ndi "tionana evening". Evening yake iti? Dzuwa likupendeka, kapena anthu atadya kale nsima?

Ndiye pali mawu amene amasintha tanthauzo munthu akangodutsa malire. Achemwali anga atangofika ku Johannesburg, abwana awo anawauza kuti abwera "just now". Iwo anaima pageti kudikira, poganiza kuti ndi pompano. Ku South Africa "just now" ndiye kuti nthawi ina kutsogoloku, mwina pakapita maola angapo. Akafuna kunena kuti posachedwa amati "now now". "Half two" ya wapampando wathu ija, ku Britain ndi 2:30, koma wolankhula Afrikaans kapena Chijeremani akanena mawu ofanana nawo m'chinenero chake amatanthauza 1:30. Ola lathunthu limasowa pamenepo. Madeti nawonso: 03/04 kwathu kuno ndi 3 Epulo, pomwe ku America ndi 4 Malichi. Ndipo 12 pm yasokoneza anthu ambiri amene amayesa kuti ndi pakati pa usiku, chonsecho ndi masana.

Ena mundiuza kuti chinenero chimasintha, ndipo ndikuvomera. Pa ndege, kuchipatala ndi pa mayeso, manambala a wotchi ndi ofunika, sungauze dokotala kuti mankhwala umwa dzuwa likapendeka. Komatu pamenepo tinena nambala yake yeniyeni, monga amachitira owerenga nkhani pa wailesi: 7 koloko m'mawa, 8 koloko usiku. Nambala ndi yachingerezi, gawo la tsiku ndi lachichewa, ndipo palibe amene amasokera.

Usiku wa Loweruka lija ndinapempha pagulu lathu lija kuti uthenga uliwonse wa msonkhano uzikhala ndi dzina la tsiku m'Chichewa, deti, ndi ola. Wapampando alemba kale wina: Loweruka pa 14, 2 koloko masana, kwa amalume.