Inu omangitsa nyumba kumudzi pa foni, nthaka ya kwathu imagwedezeka

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye mundimvere, ana anga a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Epworth. Mumatuluka thukuta muno mu Harare, mwezi ukatha n'kutumiza ndalama kumudzi ku Malawi kuti nyumba ikwere. Izi n'zoyamikika. Chondikwiyitsa ndi zithunzi zimene mumaitanitsa pa WhatsApp: mtundu wa malata, matailosi, penti ya pakhonde. Palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti m'kati mwa khoma muli chiyani. Mmisiri akanena kuti matumba a simenti achepa, mumamuyankha kuti atambasule omwewo, ndipo iye amatambasuladi powonjezera mchenga.

Muno mwazolowera nthaka yodekha, pakuti Harare wakhala pa thanthwe lakalekale. Malawi ndi wina. Nyanja yathu, yakuya pafupifupi mamita 700, ili m'chigwa chimene chidabadwa chifukwa nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo kung'ambikako sikudathe. Pa 13 Disembala 1910 chivomerezi cha mphamvu ya 7.4 pa sikelo yoyezera zivomerezi chidachitika ku Rukwa m'dziko la Tanzania, m'chigwa chomwechi. Pa 10 Malichi 1989 china chidagwedeza Salima, n'kupha anthu 9, ndipo anthu pafupifupi 50,000 adasowa pogona. Mu Disembala 2009 ku Karonga zivomerezi zidabwera motsatizana kuyambira pa 6 Disembala, anthu 4 adafa, mazana adavulala, nyumba zoposa 1,000 zidagwa. Inu a ku Dedza ndi ku Ntcheu musamati izi n'za kumpoto. M'tsinde mwa mapiri anu mwadutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika pafupifupi makilomita 100, ndipo akatswiri a miyala amati ukhoza kubweretsa chivomerezi choposa 7.

Manambalawa musawaone ngati ayandikana. Kuchoka pa 6 kufika pa 7, mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32. Amene mudali muno mu Febuluwale 2006 mukukumbukira usiku umene mabedi adayenda ndi mazenera kulira. Chimene chija chidali cha 7.0, ndipo chidachitikira kutali ku Machaze m'chigawo cha Manica ku Mozambique. Kodi chikadzachitikira pansi pa nyumba imene mwagonekamo amayi anu?

Nyumba ya njerwa imalimba pa katundu wotsika kuchokera pamwamba. Chivomerezi chimaikankha chammbali, uku ndi uku. Choyamba kugonja ndi pakona: makoma amalekana, lililonse n'kuyamba kugwedezeka palokha. Kenako khoma lansonga lija la pansi pa denga, limene amisiri amati gebulo, limagwa chifukwa palibe chaligwira pamwamba, ndipo likagwera m'kati limapeza munthu pamphasa. Pakati pa zenera ndi chitseko pamang'ambika mopingasa. Zonsezi zili ndi mankhwala ake, ndipo mtengo wake sufika pa wa matailosi amene mukuwakakamirawo.

Chachikulu ndi ring beam, lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, wodutsanso pa makoma a m'kati. Tizidutswa ta konkire toika pamwamba pa zenera lililonse palokha si ring beam, ngakhale mmisiri atalumbira. Muikemo zitsulo za Y12 (zokhuthala mamilimita 12) zinayi, zomangidwa ndi mphete za R6 (chitsulo chokhuthala mamilimita 6) pa masentimita 20 aliwonse. Pamene zitsulo ziwiri zikulumikizana zipitirirane masentimita 60, ndipo kulumikizako kusachitikire pakona. Pakona chitsulo chipindidwe n'kupitirira mbali inayo. Apa ndi pamene ambiri amaba: amadula zitsulo pakona penipeni, ndiye lambayo amaduka pamalo omwe amafunika kwambiri. Konkire ikhale thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wa kumtsinje, mawilibala awiri a miyala. Azithirira madzi masiku 7. Konkire youma msanga padzuwa la Okutobala imayoyoka ndi chala. Chithunzi chimene muyenera kuitanitsa ndi cha zitsulozi zili pakona, konkire isanathiridwe. Akathira, simudzazionanso.

Pomangira njerwa, thumba limodzi lisapitirire mawilibala atatu a mchenga. Njerwa zootcha aziviika m'madzi asanamange, apo ayi zimamwa madzi a simenti ndipo sizigwirana. Khoma lakunja likhale la njerwa ziwiri, mamilimita 230, osati la njerwa imodzi yogoneka chautali kuti njerwa zisathe. Waya wa brick force, woyala pakati pa mizere ya njerwa kuti khoma lilimbe, alowe pa mizere itatu kapena inayi iliyonse. Zenera kapena chitseko chitalikirane ndi kona masentimita 60 kapena kuposerapo. Mazenera akuluakulu a m'tauni amene mumawasirira ku Borrowdale amadya khoma, ndipo nyumba ya njerwa ilibe china choimirira nacho.

Za denga n'zachidule. Mitengo imangiriridwe ku ring beam ndi waya wokhuthala wolowetsedwa m'konkire isanaume. Miyala ndi zidina zopsinjira malata zichoke, chifukwa zimenezo ndi zoyamba kutsikira pamutu pa mwana wothawa. Ngati mungathe, sankhani denga la mbali zinayi lopanda gebulo. Inunso omanga tinyumba ta alendi kuseri kwa nyumba muno, ndi matope ndi njerwa imodzi, mawuwa akukukhudzani.

Palinso chibwana china chimene chimapha, chobwerera msanga m'nyumba. Ku Karonga chivomerezi chachikulu pa zonse, cha 6.0, sichidali choyamba. Chidabwera patatha pafupifupi masabata awiri, pakati pa usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala, chidapeza makoma atatopa kale ndi zoyambazo. Muwauze akumudzi kuti nyumba ikang'ambika mopingasa, kapena kona ikatseguka mpaka kulowa chala, asagonemo ngakhale mvula ikugwa, kufikira munthu wodziwa zomanga ataiona. Kumata mng'aluwo ndi pulasitala n'kungoubisa. Nthaka ikayamba kugwedezeka muli m'kati, gwadani, bisani mutu pansi pa tebulo lolimba kutali ndi zenera, ndipo muligwire mwendo. Ikaleka, tulukani mupite pabwalo, kutali ndi makoma, mpanda wa njerwa ndi mawaya a magetsi. Mbaula ya moto kapena kandulo imene yagwa muizimitse potuluka, ndipo bedi la ana lisakhale pansi pa gebulo.