Kanyama ka ku Malaysia aka musamakatche chidakwa

Anthu akamva za kanyama kotchedwa Ptilocercus lowii amangothamangira kuseka zoti kamamwa mowa usiku uliwonse. Maganizo anga ndi akuti nthabwalayi ikubisa nkhani yeniyeni.

Kanyamaka kamakhala m'nkhalango za ku Malaysia, Borneo, Sumatra ndi kumwera kwa Thailand. Ukakaona ungati gologolo kapena mbewa, koma gulu lake ndi lapadera, la Scandentia, ndipo pa abale ake onse ndi kokhaka kamene kamayenda usiku. Kulemera kwake ndi magalamu 40 mpaka 60 basi. Mchira ndi wautali kuposa thupi, wopanda ubweya, kupatula kunsonga komwe kuli ubweya woyera wonga nthenga.

Mowawo umachokera kwa kanjedza wotchedwa bertam. Timadzi totsekemera ta maluwa ake timasasa chifukwa cha isiti yomwe imakhala m'maluwamo, mpaka kuchita thovu ndi kununkha ngati uchema. Ukali wake umafika maperesenti 3.8. Wasayansi Frank Wiens ndi anzake, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2008, anapeza kuti kanyamaka kamatha maola oposa 2 pa usiku kakunyambita timadziti. Mu ubweya wake anapezamo ethyl glucuronide wambiri, chizindikiro choti thupi limagaya mowa wochuluka, koma sanakaone kakudzandira. Kakanati kaziledzera, nanga panthambi kakanayenda bwanji mumdima, akadzidzi ali tcheru?

Pamene kakunyambita, mungu umamatirira pa ubweya, nkukafika nawo pa kanjedza wina. Ndiye kuti fungo la mowalo ndi nyambo: isiti idya shuga, kanjedza apeza womunyamulira mungu, kanyama kakhuta. Kumbali kamadyanso tizilombo ndi zipatso.

Pomwe zimasokonekera ndi pogona. Masana kamabisala m'mphako za mitengo ikuluikulu, m'mwamba ndithu, pa chisa cha masamba ouma. Bertam savuta, amachulukana ngakhale pamene adulapo mitengo, moti ena a zankhalango amamuona ngati tchire lolepheretsa mitengo ya matabwa kumera. Koma mtengo kuti uchite mphako umatenga zaka zambirimbiri, ndipo macheka amayambira pa mitengo yomweyo. Choncho wina akaloza bertam ali mbwee nkunena kuti nkhalango idakali bwino, ine ndingamufunse kuti mitengo ya mphako watsala nayo ingati.